Magalasi Awiri ndi Lata Limodzi

Mphepo ya Lachiwiri idatsika m'phiri la Dedza
ngati munthu wodziwa khomo lomwe akufuna.
Idakanganula lata limodzi la pakhonde
n'kulisiya likuwomba m'manja usiku wonse,
ndipo kutacha ndidapeza galasi la kuchipinda
litang'aluka kuchokera pakona mpaka pakati.

Galasi linalo, la kukhitchini,
mphepo ilibe nalo mlandu.
Ameneyo ndi Tiyese ndi legeni yake,
ati ankafuna njiwa ya mumtengo wa mapichesi.

Ndatulutsa fayilo ya buluu pansi pa sutikesi.
Ikadanunkhira mafuta a kumutu a malemu a Chadzunda.
Malisiti a zaka khumi ndi zitatu.
Januwale aliyense,
fizi ndi feteleza zikulimbirana thumba limodzi,
iwo ankakwera minibasi kukalipira inshuwalansi ya nyumba
n'kubwerako ndi buledi ndi mawu omwewo:
"Mayi, tagula tulo."
Sitidapempheko ngakhale msomali.

Ndayimba foni.
Wayankha ndi mtsikana wa mawu osalala, Ndaziona.
Akuti pepani, akuti jambulani zithunzi,
akuti musakhudze kanthu mpaka afike woyendera wa ku Lilongwe,
mwina sabata yamawa, mwina inayo.
Akuti K50,000 yoyamba mulipira nokha,
ife timayambira pamwamba pake.
Ndafunsa: nanga chaka chamawa ndidzalipira zingati?
Wayamba wakhosomola.
Akuti mtengo umaunikidwanso.

Mzondeni wabwera, pensulo ili kukhutu.
Wakwera, wagogoda, wayang'ana kumwamba, watsika,
walemba pa katoni ya sopo:
magalasi awiri, misomali, thabwa limodzi, thukuta lake,
zonse K68,000.
Akuti pofika Loweruka adzakhala atasamba m'manja.

Ndiye kuti ndidikire masabata awiri,
chisanu cha Juni chikulowa pazenera lotseka ndi chiguduli,
chifukwa cha K18,000,
ya thumba la makala, losadzaza bwino n'komwe.

Mlamu wanga Nangozo akuti ndagona.
"Zaka zonsezi mukudyetsa ng'ombe ya eni,
mkaka wake osaulawa?
Lembani zonse pa mphepo,
mphepo ilibe pakamwa.
Muonjezerepo chitseko chija chidatha ndi chiswe,
ndalamayo ioneke ngati ndalama."

Ndipo sakunama pa za ng'ombeyo.
Usiku ndaphatikiza malisiti onse aja,
zomwe zatuluka zikadafolera nyumba ino kawiri.
Ndazimitsa nyali mtima ukuthukuta.

Fomu ili patebulo.
Funso lachisanu ndi chiwiri:
Fotokozani chomwe chidachitika.
Mizere inayi yopanda kanthu.
Tiyese wakhala tsidya linalo, ati akulemba masamu,
koma maso ali pansonga ya cholembera changa.
Tsiku lija adabwera yekha, ndisanafunse,
legeni ili m'manja, mlomo ukunjenjemera.
Lero ndimuuza bwanji
kuti dzina lake lasintha, tsopano ndi Mphepo?

Kuseri kwa nyumba kuli paini wamtali
yemwe chaka chilichonse amawerama pang'ono
ngati akufuna kunong'oneza denga kanthu.
Kuli waya wakale kudenga, amene makoswe amamudziwa.
Ndikuganiza kuti tulo tija a Chadzunda ankagula
tinali ta zimenezo,
osati ta galasi.
Kapena ndikungodzitonthoza, chifukwa mafomu amanditopetsa.
Zonse ziwiri zingakhale zoona.

Loweruka Mzondeni ali padenga.
Tiyese ali pansi pa makwerero, wanyamula chitini cha misomali,
akupereka umodzi umodzi, ndiye chindapusa chake.
Fomu ija ndaitembenuza,
kuseri kwake n'koyera, kwakwana masamu ogawa asanu ndi limodzi.
Fayilo ndabweza pansi pa sutikesi.

Januwale akubwera.
Nangozo adzandiona ndikudikira minibasi pamsewu,
adzapukusa mutu,
ndipo ine sindidzakhala ndi chomuyankha
kupatula buledi pobwerera.